Mwana wa mchemwali wanga ndi wamtali 2.06m pa zaka 16, kodi makoleji akuluakulu a basketball amutenga?

Funso: Ine ndimakhala ku Indiana kuno ku America ndipo ndikulera mwana wa mchemwali wanga, ali ndi zaka 16, wangomaliza kumene giredi 10. Ndi wamtali 2.06m, kunoko amati 6'9". Basketball anayamba ali ndi zaka 13 koma pano pa sukulu pawo amene akugoletsa kwambiri ndi iyeyo, ma block nde osanena. Kakoleji kena ka Division I, gawo lapamwamba la masewera a m'makoleji, kamuuza kuti kakumufuna, koma pa webusaiti ya 247Sports imene imasanja ana osewera bwino dzina lake palibe, ndiye pali bambo wina akuti tikamulipira atilumikiza ndi makochi akuluakulu. Ine mpira umene ndimaudziwa ndi wamiyendo basi. Kodi mwanayu angafike ku yunivesite ya Purdue kapena ya Indiana, mwina mpaka NBA? Tipange bwanji?

Yankho: Amalume, ndiyambe ndi zokhumudwitsa kaye, zabwinozo zibwera pambuyo. Mapointi amene mnyamatayo akugoletsa pa sukulu pawopo makochi a ku koleji sawawerengera kwenikweni. Mwana wa 2.06m ku high school nthawi zambiri amamakidwa ndi mnzake wa 1.88m amene kochi wangomuika pamenepo poti palibenso wina, nde akangolandira mpira pansi pa ring ndi kutembenuka basi walowa, olo aphonye autolanso yekha mpaka ulowe. Zimenezo zimatha tsiku loyamba lenileni la training ku koleji, chifukwa timu iliyonse ya Division I ili ndi anthu a msinkhu umenewo awiri atatu, ena a zaka 22 kapena 23 amene akhala akunyamula zitsulo mu jimu zaka zinayi. Ku Chicago kunali mnyamata wina, Cliff Alexander, msinkhu wosasiyana kwambiri ndi wa mwana wanuyu koma thupi linakhwima msanga, mu 2014 anali m'gulu la asanu apamwamba mu America yonse ndipo ana anzake amangomupatukira akamabwera kudzapanga dunk. Atafika ku yunivesite ya Kansas anapeza kuti aliyense ndi wamphamvu ngati iyeyo ndipo china choti apange kupatula kukankha chinali chochepa, mphindi zake zinayamba kutsika, kunabweranso nkhani za malamulo a NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji, zomwe zinamukhazika pansi chakumapeto kwa season, pa draft ya 2015, pamene matimu a NBA amasankha osewera atsopano, palibe timu imene inamutenga. Sikuti wanuyo ndi choncho ayi, koma kuzunza ana afupiafupi si umboni wa chilichonse.

Scout, munthu wosaka osewera, akabwera kudzaonera big man, wosewera wamtali wa pansi pa ring, amayamba ndi miyendo, ndipo apa inu a mpira wamiyendo diso muli nalo kale. Masiku ano pafupifupi timu iliyonse imasewera pick and roll, wamtali wa timu inayo amapita kukatchingira amene akumaka guard wake, wosewera wamfupi woyendetsa mpira uja, nde mwana wanuyo amakokedwa kuchoka pansi pa ring kupita kutali komwe akayang'anizane ndi kamnyamata kaliwiro ka 1.85m. Zoona zake zimaonekera pamenepo. Amatha kupinda mawondo ndi kuyenda chammbali masitepe atatu anayi osapingasa miyendo? Akamudutsa amatha kutembenuza chiuno ndi kubwerera msanga? Kochi akaona kuti sangathe amadziwiratu kuti matimu ena azidzangomusaka iyeyo gemu yonse mpaka amutulutse. Komanso bwalo limakula, la ku high school nthawi zambiri ndi 25.6m mulitali pamene la ku koleji ndi 28.65m, mzere wa three umachoka pa 6.02m kufika pa 6.75m, ndipo timu ili ndi masekondi 30 okha kuti iponye, malo oti atseke achuluka koma nthawi yopuma yachepa. Gemu ikubwerayi musamayang'ane mpira, yang'anani iyeyo yekha kwa mphindi zisanu makamaka timu yake ikataya mpira, kodi amathamanga kubwerera kapena amabwera akuyenda manja ali m'chiuno.

Muona kuti ma big man ambiri ochokera kwathu ku Africa amene anachita bwino anayambira masewera ena. Hakeem Olajuwon ku Lagos anali goloboyi, amaseweranso handball, basketball anaigwira ali ndi zaka 15. Joel Embiid ku Yaoundé anali wa volleyball ndi mpira wamiyendo, nayenso anayamba pa 15, atapita ku Montverde Academy ku Florida anamuika timu yachiwiri mpaka anasamukira ku The Rock School kuti azipeza mpata wosewera. Koma miyendo yake sinali ya munthu wa 2.13m, Kansas inamutenga, anasewera chaka chimodzi chokha, mapointi 11 ndi ma rebound, kutola mpira wophonyedwa, 8 pa gemu, manambala wamba ndithu, koma mu 2014 anatengedwa wachitatu pa draft ndipo mu 2023 anakhala MVP, wosewera wabwino kuposa onse mu NBA. Tsono yerekezani ndi neba wathu wa ku Dar es Salaam, Hasheem Thabeet, 2.21m, chaka chake chomaliza ku UConn amapanga ma block opitirira 4 pa gemu, mu 2009 Memphis inamutenga wachiwiri patsogolo pa James Harden ndi Stephen Curry, koma manja ndi kuwerenga gemu sizinakule limodzi ndi msinkhuwo ndipo ku NBA sizinayende. Onse atatuwa anayamba mochedwa, nde kuyamba pa 13 kwa mwana wanuko si vuto olo pang'ono. Chimene ine ndingafune kudziwa ndi chakuti kuyambira pa 13 kufika lero wasintha mwachangu bwanji, chifukwa mwana amene ukamuonetsa chinthu Lolemba pofika Lachisanu akuchipanga mu gemu ndi wosiyana kwambiri ndi amene wangotalika koma akusewera mmene amasewerera chaka chatha.

Kenako manja. Pali ana aatali amene mpira ukabwera mwamphamvu kapena chapansi umangowagunda ndi kugwa, ndipo ma guard akaona kawiri katatu amasiyiratu kumupatsa, basi amangothamanga ulere gemu yonse. Kuphunzitsa munthu kuwakha ndi kovuta kuposa kumuphunzitsa kuponya. Muonenso akaugwira amausunga mmwamba cha pa chibwano kapena amautsitsa kaye pansi komwe afupiafupi amautsomphola. Za kuponya musatengeke ndi ma three awiri amene analowetsa tsiku lina lija, funsani kochi wake kuti pa free throw ali pati. Wamtali amene amalowetsa 7 pa 10 ma scout amaona kuti dzanja lilipo, three idzabwera akamakula, koma wa 4 pa 10 kumapeto kwa gemu yothina amakhala pa benchi chifukwa matimu amamupanga faulo dala. Ma block mwatamawo eya ndi abwino, koma muwerengenso mafaulo, ku koleji mafaulo 5 watuluka ndipo makochi ambiri ukangopanga awiri half yoyamba amakukhazika mpaka half time. Mwana amene amadumphira chilichonse olo munthu wangonamizira kuponya sachedwa kukhala pansi. Amene amafunidwa ndi uja amatha kudumpha chilili manja ali mmwamba osagwetsera mkono pa mnzake, akangotera ndi kudumphanso kachiwiri ena asananyamuke.

Msinkhu mwanenawo ndi wa pamutu, koma mpira satchinga ndi mutu. Tengani tepi ya amisiri kunyumba konko, aime ku khoma atambasule manja muyeze kuchokera nsonga ya chala kufika nsonga inayo, kenako akweze dzanja limodzi mapazi ali pansi muyeze pamene akufika, ring ili pa 3.05m. Kwa munthu wa 2.06m ngati mikono ikukwana 2.13m kapena kupitirira nde amasewera ngati wamtali kuposa mmene alili, ngati ikungofanana ndi msinkhu wake nde pafunika luso lina loti liphimbe. Draymond Green ndi wa pafupifupi 1.98m koma mikono yake imapitirira 2.15m, nchifukwa chake amatha kumaka ma center, aatali kwambiri a mu timu aja. Ndipo pa zaka 16 mwina sanamalize kukula, Anthony Davis anali guard wa pafupifupi 1.90m pa kasukulu kosatchuka ku Chicago kenako anangothamuka kufika 2.08m high school isanathe, luso la u-guard lija osalitaya, mu 2012 anawina chikho ndi Kentucky ndi kutengedwa woyamba pa draft. Dokotala atha kujambula X-ray ya dzanja ndi kukuuzani ngati mafupa akadali ndi mpata wokula.

Poti mwafika kale kwa dokotalako apimenso mtima. Izi ndimaumirira kwa kholo lililonse la mwana wamtali chonchi, chifukwa kuli matenda otchedwa Marfan syndrome amene amapezeka mwa anthu ena aatali a mikono ndi zala zitalizitali ndipo amafooketsa mtsempha waukulu wochoka mu mtima, Isaiah Austin wa ku Baylor anamupeza nawo mu 2014 kutatsala masiku ochepa kuti draft ichitike. Komanso akamadandaula phazi kapena msana kwa masabata angapo musamuuze kuti alimbe mtima ngati mwamuna, mafupa a phazi a anthu aatali amang'aluka pang'onopang'ono. Embiid yemweyo ma season awiri oyamba a NBA sanasewere chifukwa cha kafupa ka phazi, Yao Ming anasiyiratu mpira ali ndi zaka 30, Greg Oden wa konko ku Indianapolis amene anatengedwa woyamba mu 2007 mawondo anamulola magemu 105 okha ku NBA.

Pali china chimene tepi siyeza, ndipo inu monga malume mukuchidziwa kuposa scout aliyense. Kodi mpirawu amaukonda? Ana afupiafupi amene amafika ku koleji onse amaukonda chifukwa popanda kutero sakanafika, koma wamtali nthawi zambiri mpira ndi umene unamupeza iyeyo, kochi anangomuona pa khonde la sukulu ndi kumuuza kuti mawa ubwere ku training. Ena amadzaukonda, ena amangopirira poti aliyense kunyumba, kutchalitchi, mpaka achibale a pa gulu la WhatsApp kumudzi ayamba kale kuwerengera ndalama za NBA, mwana asanamere ndevu nkomwe. Makochi amafufuza zimenezi kwambiri, amafunsa kochi wa sukulu, amafunsa amene amatsegula jimu mmawa. Amaonera magemu yekha osamutuma? Timu yake ikaluza zimamuwawa kapena pofika pa galimoto ali kale pa foni akuseka? Oscar Tshiebwe wa ku Lubumbashi ndi wa 2.06m ngati mwana wanuyu, sadumpha modabwitsa, koma mpira uliwonse wophonyedwa amaulimbirana mpaka autenge, mu 2022 ku Kentucky amatola ma rebound 15 pa gemu ndipo anasankhidwa wosewera wabwino kuposa onse m'makoleji. Khama la mtundu umenewo limaoneka olo pa vidiyo yojambula ndi foni.

Tsono gwiritsitsani ichi, big man ali ngati chimanga cha lokolo, chimachedwa kucha kusiyana ndi cha haibulidi ndipo mukafulumira kuthyola mupeza madzi okhaokha. Thupi likatalika mwachangu chonchi minofu imatsalira, pamatenga zaka kuti zonse ziyambe kumvana, nde guard wa zaka 17 mutha kunena pafupifupi mmene adzakhalire koma center wa zaka 17 ndi nkhambakamwa chabe. Olajuwon chaka chake choyamba ku yunivesite ya Houston sanasewere gemu, chachiwiri amalowa chochokera pa benchi, anasintha atayamba kulimbana pa bwalo ndi Moses Malone wa ku NBA nthawi ya tchuthi. Frank Kaminsky ku Wisconsin chaka choyamba samakwana olo mapointi awiri pa gemu, chachiwiri 4, chachitatu anagoletsa 43 gemu imodzi, mu 2015 nkukhala wosewera wa chaka. Ndipo wa pafupi nanu, Zach Edey, mwana wa ku Toronto amene amasewera hockey ndi baseball mpaka zaka 15, pomaliza high school pa mndandanda wa ana a chaka chake anali cha m'ma 400, ku Purdue chaka choyamba amalowa mmalo mwa Trevion Williams mphindi zosakwana 15 pa gemu, kenako anakhala wosewera wa chaka kawiri motsatizana, 2023 ndi 2024. Donovan Clingan amene anamakana naye mu fainolo ya 2024 nayenso chaka chake choyamba ku UConn anali wa pa benchi kumbuyo kwa Adama Sanogo wa ku Mali.

Nde za 247Sports zo zisakusowetseni tulo. Mawebusaiti amenewa, 247Sports, ESPN, On3, Rivals, amapereka nyenyezi 3, 4 kapena 5, koma anthu olembawo ndi ochepa sangayende sukulu iliyonse, amapita kumene ana abwino asonkhana pamodzi, ndiko ku maligi a makampani a nsapato nthawi imene season ya sukulu yatha. Nike ili ndi EYBL imene imathera ku mpikisano wa Peach Jam ku North Augusta, South Carolina mu Julayi, Adidas ili ndi 3SSB, Under Armour ilinso ndi yake, ndipo kwanu konko kuli matimu a Indy Heat ya ku Nike ndi Indiana Elite ya ku Adidas. Makochi a Division I amaloledwa kukaonera pamaso masabata ochepa okha amene NCAA yaika, kuphatikizapo ena a mu Juni amene ana amasewera ndi timu ya sukulu yawo. Ngati mwana wanu sanaonekeko kumeneko nde kusowa kwa dzina lake sikutanthauza kuti anamuona nkumukana, sanamuone basi. Akuyenera kukasewera ndi aatali anzake, zimenezo palibe kuzemba. Koma chenjerani posankha timu, mu magemu amenewa ma guard aliyense akufuna adzionetse nde big man atha kuthamanga weekend yonse osaugwira mpira. Bola timu yocheperako dzina imene aziyamba ndipo kochi amalamula kuti mpira uzilowa mkati, kusiyana ndi timu ya jezi yokongola imene akhale wachitatu pa benchi.

China chimene chasintha kwambiri, ndipo anthu amene amatsata zinthuzi kale akhoza kukusocheretsani mosadziwa, ndi transfer portal, mndandanda umene wosewera amalembetsa akafuna kusamukira ku koleji ina. Inayamba mu 2018, mu 2021 anachotsa lamulo loti wosamuka akhale chaka osasewera, kuyambira 2024 munthu atha kusamuka kangapo, ndipo mu 2025 osewera aamuna a Division I opitirira 2,000 analowamo. Pamwamba pake pabwera ndalama, NIL, kulola wosewera kupanga ndalama ndi dzina ndi chithunzi chake, inayamba pa 1 Julayi 2021 ndipo kuchokera mu 2025 masukulu amene avomera atha kugawana ndi osewera awo a masewera onse ndalama, chaka choyambacho malire ake anali pafupifupi $20.5 miliyoni, timu ya basketball ya amuna osapitirira anthu 15. Tsono dziikeni mu nsapato za kochi wa ku Big Ten, ligi yaikulu ya Purdue ndi Indiana, amene akaluza ma season awiri ntchito yatha. Ali ndi malo amodzi a center. Atenge mwana wa zaka 18 woti amulere zaka zitatu, amenenso akangopsa atha kuthawira kwina kumene kuli ndalama zambiri, kapena atenge wa zaka 22 amene wasewera kale magemu 90 ku koleji yaing'ono ndipo mavidiyo ake onse alipo? Ambiri akutenga wachiwiriyo. Ana a nyenyezi 5 sizikuwakhudza, amene zawapweteka ndi ana ngati wanuyu, aatali oti akufunika nthawi.

Nchifukwa chake kakoleji mukukanyozako ine ndikukaona ngati nkhani yabwino kwambiri mu funso lanu lonse. Johni Broome anayambira ku Morehead State, kumene anthu ambiri sangaloze pa mapu, anasewera zaka ziwiri mphindi zambirimbiri, anasamukira ku Auburn, mu 2025 anali wosewera wa chaka mu ligi ya SEC ndi kufika nayo timuyo ku Final Four, semifainolo ya chikho cha makoleji. Njira imeneyo pano ndi yotseguka kuposa kale, ndipo big man amakula ndi kusewera osati ndi kuombera mmanja anzake pa benchi ya timu yotchuka. Ku Indiana kokhako kuli Ball State, Indiana State, Evansville, Valparaiso, Purdue Fort Wayne, musanafike nkomwe ku Butler ndi Notre Dame, onsewo ndi a Division I.

Komabe mumvetse kuti ofa ya pakamwa ndi chani. Malamulo amalola makochi kuyamba kuimbira mwana kuyambira pa 15 Juni akamaliza giredi 10, nde mafoni ayamba kumene ndipo ena amangomwaza maofa kwa mwana aliyense wamtali kuti dzina lawo likhale poyamba. Palibe chimene chimawamanga, kochi akachotsedwa ntchito kapena akapeza wina ofayo yapita. Chomanga ndi pepala la sikolashipu limene amasaina kuyambira mu Novembala wa giredi 12, kale linali National Letter of Intent koma analithetsa mu 2024, pano ndi mgwirizano wa pakati pa mwana ndi sukuluyo. Funsani kochi wamkulu, osati wothandizira, funso limodzi lokha, kuti mwanayu atavomera lero mumulandira? Mayankho ozungulira mukawamva mudziwe kuti ali pa mndandanda wachiwiri. Ndipo musathamangire kuvomera, muli ndi chaka ndi miyezi. Mukapita kukaona sukulu musatengeke ndi locker room yowala, funsani kuti ma big man amene munawatenga kuchokera ku high school zaka zisanu zapitazi ali kuti, angati anakhala, angati anasamuka, ndani amene amawaphunzitsa tsiku ndi tsiku, ndipo kodi mukuganiza zomupanga redshirt, kutanthauza chaka choyamba amangopanga training ndi kuphunzira osasewera magemu koma zaka zake zosewera osachepa. Kwa wamtali wowonda redshirt si chilango. Pascal Siakam anapanga zimenezo ku New Mexico State.

Sukulu nayo musaiiwale poti ndi imene imagwetsa ambiri mwakachetechete. Mulembetseni ku NCAA Eligibility Center pompano. Division I imafuna maphunziro 16 amene iwo amawavomereza, 10 mwa amenewo akhale atatha giredi 12 isanayambe, ndi GPA, avareji ya magiredi, ya 2.3 pa maphunziro amenewowo, osati ya pa lipoti lonse imene imakwezedwa ndi P.E. Mayeso a SAT ndi ACT a NCAA anasiya kuwafuna mu 2023 koma mayunivesite ena amawafunabe paokha. Ngati giredi 9 kapena gawo lake anapangira ku Malawi yambani pano kufunafuna malipoti ake akumeneko chifukwa adzawafuna ndipo mukudziwa mmene mapepala amachedwera. Zikavuta kuli JUCO, makoleji a zaka ziwiri, ndipo Vincennes ya konko ku Indiana inawina chikho cha ma JUCO cha dziko lonse mu 2019, si kotaya anthu ayi. Ngati ali pa viza ya ana asukulu ya F-1 dziwaninso kuti ndalama za NIL zili ndi zovuta zake chifukwa vizayo silola kugwira ntchito mwachisawawa, Tshiebwe uja mu 2022 zambiri zake anakajambulira ku Bahamas timu itapita kumeneko, nde musasaine chilichonse cha ndalama musanafunse loya wa za immigration.

Bambo wofuna ndalamayo mukaneni, mwaulemu koma mukaneni. Mwana wa 1.80m mwina angafune womutsatsa, koma wa 2.06m pa zaka 16 amene amatha kuthamanga ndi kuwakha, makochi ndi amene amalipidwa kuti amupeze. Aliyense wolonjeza sikolashipu posinthana ndi ndalama ndi wabodza chifukwa sikolashipuyo si yake, ndipo ena oterewa cholinga chawo chenicheni ndi chakuti mwanayo akadzatchuka iwo akhale pakati pa iye ndi aliyense, inu amalume mudzidzamva nkhani za mwana wanu kwa anthu. Enanso amabwera ndi nkhani yoti asamukire ku prep school inayake, zilipo zabwino koma zilinso zina zoti ndi timu chabe yokhala ndi malaputopu, onani kaye ngati maphunziro awo ali pa mndandanda wa Eligibility Center. Zimene bamboyo angapange mutha kupanga nokha ulere. Kavidiyo ka mphindi zitatu koyamba ndi kuthamanga, ma rebound ndi kumaka pick and roll, ma dunk kumapeto, kuphatikizapo gemu imodzi yathunthu yosadula, chifukwa makochi amadziwa kuti aliyense amaoneka bwino pa highlights. Imelo yaifupi kwa makochi othandizira, maimelo awo ali pa mawebusaiti a masukulu, mulembe msinkhu, mikono, tsiku lobadwa, GPA ndi nambala ya kochi wake wa sukulu. Ndipo kochi wa sukuluyo mugwirizane naye, foni yoyamba imapita kwa iyeyo.

Nanga Purdue ndi NBA? Mwa anyamata onse osewera basketball ku high school pafupifupi mmodzi pa 100 ndi amene amafika Division I, koma pa msinkhu wa mwana wanuyu mwayi ndi waukulu kuposa pamenepo, ndipo poti ofa ilipo kale ine ndinganene kuti kuphunzira koleji ulere ndi chinthu choti mutha kuchiyembekezera ngati sukulu ndi thupi zikuyenda bwino. Purdue ndi malo abwino kwa big man, Matt Painter wakhala kochi kumeneko kuyambira 2005 ndipo ndi mmodzi mwa ochepa amene amalerabe okha, koma onani anthu amene wakhala akuika pakati, Isaac Haas 2.18m, Matt Haarms 2.21m, Edey 2.24m. Pa 2.06m pamenepo si wamtali, nde kaya akule masentimita ena kaya akhale ndi china chapadera, kuponya, kupatsira kapena ma rebound. Za NBA taonani Trayce Jackson-Davis, msinkhu womwewo, state yomweyo, anali Indiana Mr. Basketball, wosewera wa chaka wa ma high school a mu state yo, mu 2019, anasewera zaka zinayi ku Indiana ndi kuswa marekodi a ma rebound ndi ma block a sukuluyo, koma pa draft ya 2023 anatengedwa wa nambala 57, ndipo malo onse pa chaka sapitirira 60 pa dziko lonse lapansi. Nde nkhani ya NBA yo muiike kaye mu kabati, ndipo achibale akumudzi muwauze chimodzimodzi.

Tchuthi chino chikhale cha dokotala, jimu pansi pa munthu wodziwa kuphunzitsa achinyamata, chakudya chokwanira ndi tulo, ma free throw tsiku lililonse, ndi magemu olimbana ndi aatali anzake olo amuchititse manyazi. Mukayeza mikono ija ndi kupeza vidiyo ya gemu yathunthu imene wamakana ndi wa msinkhu wake munditumizire, pamenepo nditha kukuuzani ngati tikukamba za Big Ten kapena za Missouri Valley, ligi ya makoleji ocheperako.